Asisi, khungu si nsalu yoti tiziichapa mpaka iyere

Mwezi wa June chaka chino msuweni wanga anafika kwathu ku Ndirande atadzikulunga sikafu mpaka m'masaya. Kunja kunali chiperoni ndithu, koma sikafuyo sinali ya mphepo. Titalowa kuchipinda anaivula. Masaya anali psuu ngati wapsa ndi madzi otentha, timitsempha tikuonekera, ziphuphu zili mbwee pachibwano. Anandiuza kuti ngakhale madzi a pampopi akamukhudza kumaso amamva ngati wathiridwa tsabola.

Zaka ziwiri zapitazo anayamba kudzola "mikisi" imene ankagula kwa mayi wina pa WhatsApp. Kabotolo kake kopanda dzina, kopanda pepala lonena zomwe zili m'katimo. Miyezi itatu yoyambirira aliyense ankamuyamikira. Pashopu pomwe amagwira ntchito anamuchotsa kositolo kumbuyo n'kumuika pakauntala. Chibwenzi chake chinayamba kumuposita pa status. Ndiye tandiuzani zoona, inuyo mukanasiya?

Tsiku limenelo anandifunsa funso limodzi: "Khungu langa lija lidzabwereranso?" Ndinamuperekeza kuchipatala, kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga za khungu. Zimene ndinapeza zinandipsetsa mtima, chifukwa ndi zinthu zoti bwenzi tonse tinauzidwa tili ku sekondale. Timaononga ndalama zambiri pogula mafuta a m'botolo, koma palibe anatiuzapo kuti khungu lili ndi mafuta akeake, ndipo kuti mafuta amenewo ndi amene amatiteteza.

KHUNGU NDI KHOMA

Pamwamba penipeni pa khungu pali kachigawo kamene madokotala amakatchula kuti stratum corneum. N'kopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Kanapangidwa ndi maselo akufa, ophwatalala, osanjikizana mizere pafupifupi 15 mpaka 20. Dokotala wa khungu wa ku San Francisco, Peter Elias, ndiye anatchukitsa fanizo lake m'zaka za m'ma 1980. Iye anati kachigawoka kali ngati khoma la nyumba. Maselo aja ndiwo njerwa, ndipo matope ogwira njerwazo ndi mafuta amene asayansi amawatcha ma lipid.

Mafuta amenewa thupi limapanga lokha. Alipo a mitundu itatu ikuluikulu. Pafupifupi theka lake ndi ma ceramide. Gawo limodzi mwa magawo anayi ndi cholesterol, yemwe uja timamuopa m'magazi, koma pakhungu ndi mmisiri wofunika. Otsalawo ambiri ndi ma fatty acid. Maselo amoyo a m'munsi amalongedza mafutawa m'timatumba ting'onoting'ono, ndipo akamakwera kubwera pamwamba amawakhuthula pakati pa njerwa zija, n'kuyalana mosanjikizana bwinobwino. Ntchito yomangayi siima. Pakatha pafupifupi masabata anayi, njerwa zakale zimakhala zitayoyoka, zatsopano zitalowa m'malo.

Musasokoneze mafuta amenewa ndi aja amanyezimiritsa mphuno masana. Amenewo ndi ena, amatuluka m'timabowo ta ubweya. N'chifukwa chake munthu akhoza kukhala ndi nkhope ya mafuta koma khoma lake lili logumuka. Akamalimbana ndi kunyezimirako pokhula nkhope katatu patsiku, amakhala akungoonjezera vuto.

Khomali lili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kusunga madzi m'thupi kuti asamauluke. Yachiwiri ndi kutsekera kunja tizilombo, fumbi ndi mankhwala. Matope akachepa, madzi amathawa, njerwa zimauma n'kupindika m'mphepete, ndipo pakhungu lakuda zimaoneka mbuu. Kumeneko ndiye kutuwa. Tili ana tinkasekana kuti wotuwa ndi wauve kapena kuti kwawo alibe mafuta. Chonsecho kutuwa ndi khungu likungokuuzani kuti matope achepa, makamaka mu June ndi July mpweya ukauma.

Kuti muone kufunika kwake, mu 1929 banja lina la asayansi ku America, George ndi Mildred Burr, linadyetsa makoswe chakudya chopanda mafuta m'pang'ono pomwe. Makoswewo anayamba kutuwa, khungu n'kuchita mamba, michira n'kuonongeka. Kafukufuku wawo anaonetsa kuti pali mafuta ena amene thupi silingapange, liyenera kuwapeza m'chakudya. Limodzi mwa iwo ndi linoleic acid, ndipo lero tikudziwa kuti thupi limaigwiritsa ntchito popanga ma ceramide ofunika kwambiri pa khomali. Imapezeka mu mtedza, soya ndi mpendadzuwa. Ndiye nsinjiro za m'nkhwani zija sizongokometsa ndiwo ayi.

MOMWE TIMALIGUMULIRA TSIKU NDI TSIKU

Tisanafike pa mafuta oyeretsa, tiyambe ndi kubafa. Pamwamba pa khungu lathanzi pamakhala ka asidi pang'ono. Pa sikelo ya pH pamakhala pafupifupi pa 5. Sopo wamba wa bala amakhala pa 9 kapena 10. Ma enzyme amene amamalizitsa kupanga ma ceramide amagwira bwino ntchito pamene pali ka asidi kaja, choncho sopo wamphamvu amachita zoipa ziwiri: amatsuka mafuta amene alipo, komanso amachedwetsa amisiri opanga atsopano. Onjezerani madzi otentha kwambiri, chinkhupule chokhakhala, ndi mwala uja timakhulira mpaka kumva kuwawa. Khungu likamalira kuti tswii mukamalisisita mutasamba, musati layera. Ndiye kuti mwalichotsa matope.

Ndiye palinso malangizo a pa TikTok: mandimu ndi shuga, soda, mankhwala otsukira mano, zonsezo kumaso. Abale, nkhope si poto.

Tisaiwalenso manja. Ndani amachapa, kutsuka mbale ndi kukolopa m'makomo mwathu? Ndi ife, ndi amayi athu, ndi atsikana antchito amene manja awo amakhala m'madzi a sopo waufa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sopo waufa anapangidwa kuti azisungunula mafuta pa zovala, ndipo sasiyanitsa mafuta a pa kolala ya malaya ndi a pa zala zanu. Manja ong'aluka ndi oyabwa aja ndi matenda obwera ndi ntchito. Ngati muli ndi wantchito pakhomo, magolovesi ndi botolo la mafuta ndi zida za ntchito, monga tsache ndi mopu. Mugulireni.

ZIMENE ZILI M'KABOTOLO KAJA

Mafuta ambiri oyeretsa khungu amadalira zinthu zitatu: ma steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, hydroquinone, ndi mercury. A "mikisi" amaphatikiza ziwiri kapena zonse zitatu, n'kuthira kafungo kabwino.

Ma steroid ndi mankhwala enieni. Dokotala amawalemba pa matenda ena a khungu, kwa masiku owerengeka, pamalo pomwe pali vuto pokha. Koma akadzoledwa thupi lonse miyezi ndi miyezi, amalowa mpaka kwa amisiri aja n'kuwaletsa kupanga mafuta. Mu 2003 gulu la Elias linasindikiza kafukufuku woonetsa kuti masiku atatu okha odzola clobetasol anali okwanira kuchepetsa kapangidwe ka ma lipid ndi kufooketsa khomali. Masiku atatu. Msuweni wanga anadzola zaka ziwiri.

Kuyera kumene timakuona poyamba kumabwera chifukwa steroid amafinya timitsempha ta magazi komanso amachepetsa mtundu wa khungu. Amaziziritsanso zotupa, ndiye nkhope imaoneka see. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pansi pake khungu likupyapyala. Kenako pamabwera mizere yong'ambika m'mikono ndi m'ntchafu imene sichoka, ziphuphu zosamva mankhwala, zipere zofalikira chifukwa chitetezo cha pakhungu chagona, ndi zilonda zochedwa kupola. Ndipo khoma likagumuka, mankhwala omwewo amalowa mosavuta n'kukafika m'magazi, komwe angakweze BP ndi shuga.

Hydroquinone amaletsa khungu kupanga melanin, chinthu chimene chimatipatsa mtundu wathu komanso kutitchinga ku dzuwa. Akadzoledwa nthawi yaitali amatembenuka n'kuchita zosiyana ndi zimene munamugulira. Mu 1975 madokotala a ku Pretoria, motsogozedwa ndi George Findlay, analemba za anthu akuda amene anachita zigamba zakuda bii m'masaya chifukwa cha mafuta oyeretsa. Matendawa amatchedwa ochronosis ndipo ndi ovuta kwambiri kuchiza. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Taganizani, ambiri a ife tinali tisanabadwe, koma mpaka lero tikugulitsanabe.

Mercury ndiye poizoni weniweni. Bungwe la WHO limachenjeza kuti amaononga impso ndi mitsempha, ndipo amachepetsa mphamvu ya khungu yolimbana ndi tizilombo. Mayi woyembekezera akamadzola, amafika kwa mwana m'mimba. Mu 2023 mayiko a m'pangano la Minamata anagwirizana kuti pofika 2025 zodzola zonse zothiridwa mercury zisapangidwenso kapena kudutsa m'malire.

Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti khungu limene tikulimbana naloli si lofooka. Mu 1995 ofufuza a ku San Francisco anayesa kumata tepi pakhungu la anthu n'kumamatula mobwerezabwereza mpaka khoma litagumuka. Kwa anthu a khungu lakuda kwambiri anafunika kumatula kambirimbiri kuposa kwa oyera, ndipo khoma lawo linkadzikonza msanga. Tinabadwira m'nyumba yolimba, ndiye wina akutigulitsa piki yoti tiigumulire.

"KOMA THUPI NDI LANGA"

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kulemba yankho limeneli. Ndipo mukunena zoona. Patsamba lino takhala tikunena kuti thupi la mkazi ndi lake, ndipo sindikubweza mawuwo lero. Palibe amene ali ndi ufulu wokuchititsani manyazi chifukwa cha zomwe mumadzola.

Koma ufulu wosankha umayenda ndi ufulu wodziwa. Munthu amene wakugulitsani kabotolo kopanda dzina, n'kukuuzani kuti ndi "organic" m'kati muli clobetasol, sanalemekeze chisankho chanu. Wakuberani. Mukanauzidwa kuti pakatha chaka madzi a pampopi azikuotchani, mwina mukanasankha zina. Safunsa anadya phula, inde, koma nanga wofunsa n'kunamizidwa, mlandu ndi wa ndani?

Chachiwiri, tiyeni tivomereze kuti chisankhochi sichichitikira m'malere. Msuweni wanga sanadzuke tsiku lina n'kudana ndi khungu lake. Anaphunzitsidwa. Azakhali akabwera kudzaona khanda amayamba ayang'ana makutu kuti aone ngati lidzade. Kusukulu wakuda amapatsidwa maina a makala. M'mavidiyo a nyimbo, mtsikana woyera ndi amene amaikidwa kutsogolo. Anyamata amati akufuna "yellow bone". Mabwana ena amaika woyera pakauntala, wakuda kositolo. Mtsikana akaona kuti kuyera kukubweretsa ntchito ndi ulemu, n'kugula kabotolo, si wopusa. Wawerenga bwino momwe dziko likuyendera. Cholakwika ndi dzikolo.

Si ife tokha. Chikalata cha WHO cha mu 2011 chinatchula kuti ku Nigeria amayi 77 pa 100 alionse ankagwiritsa ntchito zoyeretsa khungu, ndipo ku South Africa anali 35 pa 100 alionse. Ndi bizinesi yaikulu, ndipo imadziwa kusintha malaya. Mu 2020, anthu atakwiya, kampani ya Unilever inasintha dzina la mafuta ake a Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely. Masiku ano ogulitsa ambiri sanenanso kuti "kuyeretsa". Amati "glow", "toning", "brightening". Ndipo mwaona kuti ena mwa omwe ankatigulitsa mikisi dzana, lero akutigulitsa mafuta odula a "barrier repair" okhala ndi ma ceramide? Anatigulitsa piki, tsopano akutigulitsa simenti.

Ndiye nthabwala ija ya "nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola" tiisiye. Anthu omwewo amene ankamuyamikira akuyera ndi amene amamuseka akapsa. Manyazi amenewo ndi amene amachititsa atsikana kubisala m'masikafu m'malo mopita kuchipatala, ndipo ena amabwerera kukagula kabotolo kena kamphamvu kuposa koyamba.

NDIYE TITANI?

Kusamalira khomali sikufuna ndalama zambiri. Sambani madzi ofunda, osati otentha. Sopo wochapira akhale wa zovala. Sopo wosambira agwire ntchito kwambiri m'khwapa, m'mapazi ndi malo otuluka thukuta, osati kukhula thupi lonse ngati mukutsuka thasa. Mukatuluka kubafa musadikire kuti muume gwaa. Dzolani khungu likadali lonyowa pang'ono kuti mutsekere madziwo m'kati.

Vaseline uja tinakula naye musamuderere. Mafuta a mtundu umenewu amachepetsa kuthawa kwa madzi pakhungu ndi pafupifupi 98 pa 100, ndipo amapatsa khungu mpata womanganso matope ake. Glycerine amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu, choncho amayi athu akamasakaniza glycerine ndi mafuta odzola ankadziwa chomwe akuchita. Mafuta okhala ndi ma ceramide amathandiza ndithu, ngati thumba likulola. Ngati silikulola, simunatsalire.

Komanso si mafuta onse "achilengedwe" amene ali abwino pakhungu. Mu 2013 ofufuza a ku Sheffield ku England anapeza kuti mafuta a olive, atadzoledwa kwa masabata angapo, anafooketsa khomali, pamene a mpendadzuwa sanaliononge ndipo anathandiza khungu kusunga madzi. Ku Bangladesh, kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 anaonetsa kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa ankatenga matenda m'chipatala mocheperapo ndi 41 pa 100 poyerekeza ndi amene sankadzozedwa. Khoma lolimba limapulumutsa moyo, si nkhani ya kukongola kokha.

Werengani zolembedwa pa botolo. Mukaona clobetasol, betamethasone, hydroquinone, mercury kapena calomel, amenewo si mafuta odzola tsiku ndi tsiku. Botolo lopanda zolemba lisakhudze nkhope yanu, ngakhale wogulitsayo ndi mnzanu wa kutchalitchi.

Kwa inu amene mukudzola kale, mvetserani bwino apa. Ngati mwakhala pa steroid kwa miyezi yambiri, musangosiya lero lomwe panokha. Khungu limalusa, limatupa, limayabwa, ndipo ngati munkadzola thupi lonse, thupi lenilenilo likhoza kuvutika chifukwa linazolowera. Tengani botololo mupite nalo kuchipatala, muwauze zoona zonse, akuthandizeni kutsika pang'onopang'ono. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona matenda a khungu. Nthawi imeneyi pewani dzuwa, valani chipewa, nyamulani ambulera, ndipo ngati mungakwanitse dzolani sunscreen. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, musachedwe n'komwe. Ndipo ngati vuto lanu ndi madontho akuda otsala ndi ziphuphu, limenelo lili ndi chithandizo choyenera kwa dokotala, simukufunika mikisi.

Koma tisathere pa kudzisamalira tokha, ngati kuti vutoli ndi la mtsikana mmodzimmodzi. Tili ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, ndi Malawi Bureau of Standards loyang'anira katundu wogulitsidwa. Tikuwapempha kuti azitenga mafuta a m'misika ndi a pa intaneti n'kukawayeza, kenako alengeze poyera, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zathu zina, maina a amene apezeka ndi poizoni. Ma steroid amphamvu asamagulitsidwe pabenchi pambali pa zipeso ndi mawigi. Dziko la Rwanda linayamba kuchotsa mafuta oterewa m'mashopu kumapeto kwa 2018, ndipo Côte d'Ivoire inawaletsa mu 2015. Kuletsa kokha sikuthetsa msika wa mseri, n'chifukwa chake mbali inayo ndi yathu: mabwana asiye kusankha antchito poyang'ana mtundu wa khungu, oimba ndi ojambula asiye kutiika pamzere kuyambira woyera, ndipo ife azakhali a mawa tisiye kuyang'ana makutu a makanda.

Msuweni wanga tsopano watha miyezi inayi akutsatira zomwe anamuuza kuchipatala. Masabata oyambirira anali ovuta, ankalira usiku ndi kuyabwa. Panopa kufiira kwachepa, akusamba osamva kuwawa, ndipo mtundu wake weniweni ukubwerera pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete mwa nkhope. Mizere ya m'mikono anamuuza kuti izilala koma sidzatheratu. Sabata yatha chibwenzi chija chinamufunsa kuti, "Koma bebi, ukuda bwanji masiku ano?" Iye anangoti, "Ndikuchira." Kuntchito sanamuuze kalikonse, koma akuti bwana wayamba kumuyang'ana kawirikawiri, ndipo sakudziwa ngati mwezi wamawa adzakhale akadali pakauntala paja.

Anandilola kulemba nkhani yakeyi, bola ndisatchule dzina. Anati ndikuuzeni kuti amene ali ndi kabotolo konga kake m'chikwama asachite manyazi, angopeza mnzake mmodzi womuperekeza kuchipatala. Ngati mukudziwa wina wotero, mnzakeyo mukhale inuyo.